Mwana akusewera za madzi osefukira, ndimuletse?

Wobisa dzina: Admin ndibiseni. Ndili ku Bangula, ndikusunga mwana wa achemwali anga wochokera ku Makhanga. Chibwerereni amangoumba tinyumba ndi timbuzi tadongo, kenako n'kukhuthulira madzi a m'chigubu mpaka zonse zigwe, iye akukuwa kuti "kwerani mumtengo!" Mlamu wanga m'malo momuletsa amavala chitenje changa, kudzipaka phulusa kumaso, n'kumakwawa kuti ndi mvuu, ana a mudzi wonse kuseka mpaka kugubuduka. Munthu wake sagwira ntchito, njinga yanga anaithyola masipoko, shuga akamuona sachedwa kutha. Madziwonso ndimatunga ndine kumjigo, dzuwa la kuno mukulidziwa. Nditani?

Bambo a ku Ngabu: Mayi, za maliro sasewera nazo. Freddy mu 2023 anatenga anthu, lero wina azichita nazo zisudzo? Mlamuyo mupatseni khasu.

Make Mphatso: Inu mukudandaula njinga? Ine mu 2015 Ruo anandikokolera mbuzi zonse ndi makina osokera. Mpaka lero amuna anga amati kholalo ndinamangitsa kunsi ndine.

Aphunzitsi a ku Nchalo: Musamuletse. Anthu othawa madzi osefukira atadzaza pasukulu pathu, ana amene ankasewera phada ndi chipako masana ndi amene ankagona usiku. Mwana sangafotokoze mantha ake pakamwa, akunena ndi dongolo. Ali ndi zaka zingati? Amake ali kuti?

Bambo a ku Ngabu: Aphunzitsi, maganizo amenewa ndi amene akulepheretsa ana mayeso. Ife tinakula masana kumunda wa thonje, usiku nthano, basi.

Wa kabaza: Madala, nthanozo si masewera? Kalulu uja ankalima thonje?

Namwali wa pa Dyeratu: Mlamuyo anakwatira? Mvuu yovala chitenje ine ndikuifuna.

Bambo a ku Ngabu: Vuto ndi a ku Makhanga okana kusamukira kumtunda!

Make Mphatso: Kumtundako mwawakonzera dimba?

Anakubala: Mwanawe, khala naye pansi muumbe limodzi bwato, timbuzito tikwere, iye akhale wopalasa. Akamadzidzimuka kutulo kapena kukodza pogona, imba 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Panopa mlamu uja watenganso lichero langa, akuti lero ndi kamba.

Aphunzitsi a ku Nchalo: Mayi, amake a mwanayo ali kuti?

Bambo a ku Ngabu: Lichero lomwelo akanapetera mapira. Ndanena kale, khasu.