Kodi ndigule labala watsopano wa galasi lakutsogolo la MGB, kapena ndingomata?

Mwini MGB:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi galimoto yakale ya ku England ya mtundu wa MGB, ya denga la tenti, ya 1972 imene anandisiyira malume anga, ndipo chiyambireni mvula mu Novembala madzi akumalowa pansi pa galasi lakutsogolo, n'kutsikira kuseri kwa dashibodi mpaka kunyowetsa kapeti ya mbali ya dalaivala. Labala wokhala pakati pa felemu ya galasi ndi bodi wauma ndipo wang'ambika m'makona. Kuno ku Blantyre sindinamupeze, choncho ndiyenera kuitanitsa ku England, koma ndalama zotumizira pamodzi ndi msonkho zikundigwetsa ulesi. Kodi n'koyenera kugula, kapena ndingomata ndi silikoni?

Wowongola mabodi:
Bambo, silikoni musamuyandikize pa galimoto imeneyo. Uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amayambitsa dzimbiri pa chitsulo chimene penti yake yakandika. Komanso pamene silikoni wakhudza, penti yatsopano imakana kugwira. Kumbukirani kuti MGB ilibe chasisi chapadera, bodi yokhayo ndiyo imanyamula galimoto yonse, kotero madzi akakhalitsa pansi pa kapeti amadya chitsulo chapansi ndi cham'munsi mwa zitseko. Kuwotcherera malo amenewo kumadya ndalama zambiri kuposa labala. Ine ndikuti gulani.

Mwini MGB GT (ya denga lachitsulo) wa ku Leeds, ku England:
Sindikutsutsa zimene anena akuluwa, koma musatumize ndalama musanatsimikize polowera madzi. Kutsogolo kwa galasi kuli kagilu kolowera mphepo, ndipo pansi pake pali kapaipi ka labala kotayira madzi kamene kamatsekeka ndi masamba ndi fumbi. Kakatsekeka, madzi amasefukira m'kati ndipo munthu amanamizira galasi. Enanso amalowera pozungulira timitengo ta mawaipa. Khalani m'galimoto ndi tochi, wina azithira madzi pang'onopang'ono kuyambira pa kagiluko kukwera m'mwamba, malo amodzi pa nthawi.

Wokonda za Abingdon:
Ine maganizo anga ndi osiyana, ndipo ndikulankhula monga munthu amene anagwirapo ntchitoyi. Magalimoto amenewa anasiya kupangidwa ku fakitale ya m'tauni ya Abingdon ku England mu 1980, ndiye malabala ogulitsidwa lero ndi ochita kutengera oyambirira aja, ndipo sapangidwa mofanana. Amene ndinagula ine kwa wogulitsa wina wotchipa anali wolimba kwambiri, moti felemu inakana kukhala pansi ndipo mabowo a mabawuti sanayang'anizane mpaka tinaipanikiza anthu atatu. Mabawutiwo ndi awiri mbali iliyonse, obisika kumapeto kwa dashibodi, kuphatikizapo awiri apakati pamene pali kachitsulo kogwira felemu. Choopsa n'chakuti felemu ya aluminiyamu ikapindika pang'ono pomanga, galasi limang'aluka, ndipo kubweretsa galasi lathunthu kuchokera kunja ndi nkhani ina. Ngati galimoto imagona m'galaja ndipo imatuluka pa tsiku la dzuwa lokha, ndingalowetse phula lakuda losauma lomatira magalasi a galimoto lija pansi pa mlomo wa labala wakaleyo, n'kudikira.

Wowongola mabodi:
Phula losauma ndilibe nalo vuto, chifukwa limachoka mosavuta ndipo siliwononga penti, koma silingabwezeretse labala amene wang'ambika kale. Dzuwa la kuno lamuumitsa, ndipo chaka chamawa adzang'ambika pena. Komanso Bambowa sakufunika kuchotsa galasi mu felemu. Labala wozungulira galasilo amusiye ngati sakudontha, agule wapansi yekha ndi timalabala tiwiri tija tokhala pansi pa mizati ya m'mbali mwa felemu. Akamuviika m'madzi ofunda n'kumupaka sopo amalowa mu mzere wake, ndipo mabawuti amangidwe mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, osati kulimbitsa mbali imodzi n'kuthera pomwepo.

Wokonda za Abingdon:
Pamenepo ndavomera, bola afunse kaye eni MGB anzathu kuti labala wofewa bwino anamugula kuti, ndipo ntchitoyo asaigwire yekha.

Mwini MGB:
Zikomo kwambiri nonsenu. Ndayesa madzi m'mawa uno monga analangizira achimwene a ku Leeds. Kapaipi kaja kanalidi kotsekeka, ndipo nditakatsegula ndi waya madzi olowa achepa, koma pakona ya kumanja pakudonthabe ndikathira pa labala penipeni. Ndaganiza zoitanitsa labala wapansi ndi tiwiri ta mizati, ndipo pakadali pano ndimata ndi phula losauma, ndichotse kapeti kuti pansi paume, ntchito yeniyeni ndidzaigwire mu Meyi mvula ikatha. Bambo owongola mabodi, kodi ndikadzanyamula felemu n'kupeza dzimbiri pansi pake, ndidzapale ndi kupenta ndekha, kapena ndidzabwere nayo kwa inu?