Obadwa ndi kachilombo akakula, aziyezetsa chiyani?

Wa ku Chawama: Abale, munthu anabadwa ndi HIV, pano ali ndi zaka 25, viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) yosaoneka. Aziyezetsanso chiyani?

Wa ku Matero: Impso poyamba, achimwene. Tenofovir wa mu TLD (piritsi la ma ARV la mankhwala atatu) amatha kufooketsa impso ndi mafupa mwakachetechete, mwini wake osamva kupweteka. Ayezetse creatinine (magazi oonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi mkodzo, kamodzi pachaka. Brufen wa pa kantemba asamangomwa, amawonjezera vuto.

Wa ku Chilenje: Ambiri anamwa ARV ya nevirapine ali ana, kachilombo n'kuzolowera mankhwala ena. Viral load ikadutsa 1,000, uphungu miyezi itatu, ayezenso. Ikakanabe kutsika, afunse zoyeza resistance (ngati kachilombo kazolowera mankhwala) ku chipatala cha UTH.

Wa ku Kanyama: Ayironi ndi kashiyamu za m'mapiritsi zimagwira dolutegravir wa mu TLD m'mimba, osalowa bwino m'magazi. TLD amwe maola 2 zisanalowe, kapena maola 6 zitalowa. Akazi, kuyezetsa khomo la chiberekero musaiwale.