Kodi shuga ndiye akundilepheretsa kuchepetsa thupi?

Mayi wa ku Chilomoni analemba:

Moni nonse. Ndikupempha amene akudziwa bwino za kadyedwe kuti andiunikire pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Ndine mayi wa zaka za m'ma 40, ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Limbe, ndipo tsiku limatha nditangokhala pampando. Nditapita kuchipatala chifukwa cha kuphwanya kwa mawondo, anandikweza pa sikelo nandiuza kuti thupi langa lachuluka poyerekeza ndi kutalika kwanga, komanso kuti BP yayamba kukwera. Mayi anga amadwala matenda a shuga, choncho mawu amenewa sindinawatenge mopepuka.

Ndinasiya kuthira shuga mu tiyi ndipo m'malo mwake ndimathira uchi. Masana ndinasiyanso zakumwa za gasi n'kuyamba kugula juwisi wa m'mapaketi amene amalembedwa kuti ndi wa zipatso zenizeni. Papita miyezi ingapo tsopano, koma manambala a pa sikelo sakusuntha. Bambo a kunyumba akuti ndinalakwitsa kusiyiratu, ndikanangosiya woyera n'kumagwiritsa ntchito wa bulawuni chifukwa ndi wachilengedwe. Mnzanga wa kuntchito akuti shuga ndi poizoni, ndipo akundiuza kuti ndisiye ngakhale mango ndi nthochi. Ndikufuna kudziwa ngati shuga ndi woopsadi chotero, ngati ndiye amanenepetsa, komanso chifukwa chake thupi langa silikutsika pamene ndinamusiya.

Namwino wopuma ntchito, Zingwangwa, anayankha:

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa yankho lake lili m'mawu anu omwe. Shuga simunamusiye, mwangosintha njira imene akulowera m'thupi. Gawo lalikulu la uchi, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, ndi shuga, ndipo popeza uchi ndi wolemera, supuni yaing'ono ya uchi imakhala ndi makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 21 pamene supuni yomweyo ya shuga ili ndi 16. Juwisi wa zipatso, ngakhale atakhala kuti sanathiremo kanthu, amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, womwe ndi mlingo umene umapezekanso m'zakumwa zambiri za gasi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2015, linaika uchi ndi juwisi m'gulu limodzi ndi shuga wa pa tebulo, ndipo linati shuga wa m'gulu limeneli asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12, ndipo linawonjezera kuti kutsika mpaka masupuni 6 ndi kwabwino koposa.

Masupuni 12 amamveka ambiri mpaka munthu atayamba kuwerenga. Taganizirani kapu ya tiyi ya m'mawa, ina ya 10 koloko ku ofesi ndi ina ya madzulo, iliyonse masupuni atatu. Amenewo ndi 9 kale, ndipo tikudziwa tonse kuti supuni yathu sikhala yosalaza, imatuluka m'mbale ili ndi phiri pamwamba. Onjezani botolo limodzi la mamililita 300, lomwe limanyamula masupuni 7 kapena 8, ndiye kuti mwadutsa malire musanakhudze phala lothira shuga, Sobo, maheu kapena thobwa lotsekemera la pa msika.

Pa za bambo a kunyumba, muwauze mwaulemu kuti shuga wa bulawuni ndi woyera amachokera mu nzimbe yomweyo ya ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Wa bulawuni amangokhala ndi manyuchi pang'ono amene amamupatsa mtundu ndi kafungo, koma mphamvu zake ndi zofanana, makalori pafupifupi 4 pa galamu. Ena amanenanso kuti shuga wathu ali ndi vitamini A. Zimenezo ndi zoona, amathiramo dala pofuna kuchepetsa kusowa kwa vitamini ameneyu m'dziko muno, koma munthu amene angathe kupeza mpiru, nkhwani, maungu, mapapaya ndi mbatata yofiira m'kati alibe chifukwa chofunira vitaminiyu m'kapu ya tiyi.

Mnzanu wa kuntchito wapitirira muyeso. Shuga si poizoni. Thupi limamuphwanya kukhala mitundu iwiri ya shuga, gulukosi ndi fructose. Gulukosi ndi amene ubongo ndi minofu zimagwiritsa ntchito, ndipo fructose wambiri amakathera ku chiwindi. Vuto limabwera ndi kuchuluka, makamaka shuga akamabwera ngati chakumwa, chifukwa chakumwa sichikhutitsa. Munthu akamwa botolo limodzi pa nkhomaliro sachepetsa nsima, amadya mitanda yomwe ija, ndipo mphamvu zotsala thupi limazisunga ngati mafuta. Chimene shuga amawononga mosakayikitsa ndi mano, pakuti tizilombo ta m'kamwa timamusandutsa asidi amene amadya dzino, ndipo kumwa zotsekemera pang'onopang'ono tsiku lonse kumawononga kwambiri kuposa kumwa kamodzi pa nthawi ya chakudya.

Zipatso zathunthu musasiye. Malangizo a WHO aja sawerengera shuga wa m'chipatso chimene munthu watafuna, kapena amene amapezeka mwachilengedwe mu mkaka. Lalanje limodzi limafuna kusenda ndi kutafuna, ndipo nyama yake imachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi, pamene kapu imodzi ya juwisi imatenga malalanje awiri kapena atatu n'kutsika kukhosi m'kanthawi kochepa. Komabe ndikudziwa mmene timachitira nyengo ya mango ikafika, pamene munthu amakhala pansi ndi beseni. Pamenepo mlingo umafunikanso.

Bambo wa ku Ndirande anayankha:

Achemwali, zimene anena amayi anamwino ndi zoona, koma ine ndikuona kuti tikuthamangitsa chinthu chaching'ono n'kusiya chachikulu. Shuga weniweni wa Mmalawi ali pa mbale ya nsima. Ufa woyera ukafika m'mimba umasanduka gulukosi chimodzimodzi, ndipo ambiri a ife timadya nsima masana ndi usiku, m'mawa buledi, kenaka chipisi pa chiwaya tikatsika minibasi. Ine ndinali ndi mimba yaikulu ngakhale kuti tiyi sindimukonda. Nditasiya nsima, mpunga ndi buledi n'kumadya nyemba, mazira, usipa ndi masamba, thupi linatsika mofulumira kwambiri m'masabata oyambirira, mpaka lamba ndinaboola bowo lina. Langizo langa ndi lakuti musavutike ndi kuwerenga masupuni, ingosiyani zakudya zonse zokhutitsa zija kwa mwezi umodzi, mudzaona kusintha. Ndiwonjezere kuti kwa ife abambo mowa nawonso umabisala pa nkhaniyi, chifukwa ngakhale sutsekemera uli ndi makalori 7 pa galamu, kuposa shuga amene.

Mphunzitsi wa ku Bangwe anayankha:

Ndalowa m'nkhaniyi chifukwa cha mayi anu amene mwati amadwala shuga. Inenso ndimadwala matendawa ndipo ndimapita ku kiliniki ku Gulupu, choncho ndikufuna kukonza chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amasokoneza. Dzina la matendawa limachititsa anthu kuganiza kuti aliyense amene akudwala anadya shuga wambiri, ndiponso kuti amene sathira shuga mu tiyi ndi wotetezeka. Si choncho. Pali mtundu woyamba, umene umagwira kawirikawiri ana ndi achinyamata, pamene kapamba amasiya kupanga insulini, yomwe imathandiza kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'maselo a thupi, ndipo umenewu suyamba chifukwa cha kadyedwe. Mtundu wachiwiri, womwe ndi wa ambiri a ife, umabwera pamene thupi lasiya kumvera insulini, ndipo zimene zimaukoka ndi kumtundu, msinkhu, mafuta a pamimba ndi kusayendayenda. Zakumwa zotsekemera zimawonjezera chiopsezo, makamaka kudzera m'kunenepetsa, koma sizili zokha.

Inu muli ndi zingapo mwa zimenezi: kholo lodwala, thupi lochuluka, ntchito yokhala pansi, ndi BP imene yayamba kukwera. Ndikupemphani kuti mukayezetse shuga wa m'magazi m'mawa musanadye kanthu, musadikire zizindikiro monga ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, chifukwa matendawa amatha kukhala zaka ali chete. Chokulimbikitsani n'chakuti simufunika kubwerera ku thupi la pa utsikana kuti mupindule. Kuchotsa magawo 5 mpaka 7 pa 100 a kulemera kwanu, komwe kwa munthu wa makilogalamu 90 ndi makilogalamu 5 kapena 6, kumachepetsa kwambiri mwayi wodwala mtundu wachiwiri.

Chenjezo langa likupita kwa abambo a ku Ndirande ndi ena amene angatengere langizo lawo kwa odwala. Inu a ku Chilomoni, mayi anuwo ngati amabaya insulini kapena amamwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide, asasiye nsima mwadzidzidzi popanda kuonana ndi adokotala, chifukwa shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri mpaka munthu kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu ngakhale kukomoka. Ine m'chikwama changa simusowa maswiti, ndipo tsiku limene manja ayamba kunjenjemera ndili kutsogolo kwa kalasi, chinthu chomwe mnzanuyo akuchitcha poizoni ndicho chimandiimika.

Mayi wa ku Chilomoni anayankha:

Zikomo nonse. Za uchi ndi juwisi ndamva, ndipo magazi ndikayezetsa. Koma tsopano ndaima pakati, chifukwa amayi anamwino akuti ndiwerenge masupuni, pamene abambo a ku Ndirande akuti ndisiye nsima. Kunyumba ndimaphikira banja lonse, ndipo sindingathe kumaphika miphika iwiri tsiku lililonse. Kodi ndiyambire pati? Ndifunsenso za timapiritsi totsekemera topanda shuga timene ndimationa m'mashopu ku Chichiri, ngati tingandithandize pa tiyi.

Namwino wopuma ntchito, Zingwangwa, anayankha:

Abambo a ku Ndirande anena zoona kuti ufa umasanduka gulukosi, ndipo anthu ena amachepetsadi thupi posiya zakudya zokhutitsa. Koma kutsika kofulumira kwa masabata oyamba kuja, gawo lalikulu amakhala madzi. Thupi limasunga gulukosi wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi madzi okwana magalamu pafupifupi atatu. Nkhokwe imeneyi ikatha madziwo amatuluka, ndipo munthu akayambiranso nsima amabwerera. Mafuta enieni amachoka pokhapokha munthu akamadya mphamvu zochepa kuposa zimene akugwiritsa ntchito, kaya wachotsa shuga, nsima kapena mafuta ophikira. Njira yabwino ndi imene mungaipirire chaka chonse, ndipo mayi wophikira banja ku Chilomoni sindikuona kuti angakhale chaka osadya nsima.

Ndikuti muyambe ndi zakumwa chifukwa ndi zokhazo zimene mungachotse osamva njala. Koma ndisakunamizeni kuti zimenezi zokha zidzachita zodabwitsa. Masupuni 9 a mu tiyi aja ndi makalori pafupifupi 144 pa tsiku, ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga pafupifupi 7,700, kutanthauza kuti pangapite miyezi pafupifupi iwiri kuti kilogalamu imodzi ichoke, ngati simunabwezeretse mphamvuzo ndi chinthu china. N'chifukwa chake muyenera kuyang'ananso botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa masupuni aang'ono 7 a shuga, ndipo ambiri timathira mu ndiwo molunjika kuchokera m'botolo osayeza. Mandasi, zitumbuwa ndi chipisi zimanenepetsa kwambiri chifukwa cha mafuta amene zamwa pa chiwaya, osati chifukwa cha kutsekemera kokha.

Mphika ukhale umodzi womwewo, chisinthe ndi mbale yanu. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri, kenaka umodzi ndi theka, ndipo malo otsalawo mudzaze bonongwe, chisoso kapena nkhwani, pamodzi ndi nyemba, nsomba kapena dzira, zomwe zimakhalitsa m'mimba. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga amakhalamo, koma mphamvu zake sizisiyana kwenikweni, choncho mtanda wa mgaiwa nawonso uziwerengedwa. Pa tiyi, ambiri zimawayendera bwino akamachotsa theka la supuni sabata iliyonse, popeza lilime limazolowera, kusiyana ndi kusiya tsiku limodzi n'kumalakalaka. Onjezani kuyenda mwandawala kokwana mphindi 150 pa sabata, zomwe zingatheke potsika minibasi siteji imodzi musanafike kwanu. Zitunda za ku Chilomoni zikugwirirani ntchito yotsalayo. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata n'kokwanira, ndipo muziyezanso m'chiuno ndi tepi ya telala pa mchombo, cholinga chikhale chakuti muyeso wake usafike theka la kutalika kwanu.

Timapiritsi tija tilibe makalori oti n'kuwerenga, ndipo tingathandize munthu amene akulephereratu kumwa tiyi wosatsekemera pamene akuzolowera. Komabe mu 2023 WHO inalangiza kuti anthu asadalire zotsekemeretsa zimenezi ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa umboni sunaonetse phindu lokhalitsa. Langizo limenelo silinakhudze anthu amene akudwala kale shuga, choncho za mayi anu mukafunse ku kiliniki kumene amalandirira mankhwala, ndipo mukatenge paketiyo kuti akaone mtundu wake.