Bwana uja amakana kuchenjeza anthu m'mafilimu a ngozi, timutche ndani?

Kadzidzi77

Anzanga okonda mafilimu tandithandizeni. Sabata yathayi ndinali pa holide ndiye ndimangoonera mafilimu a ngozi motsatizana, aja a moto, chigumula, phiri kuphulika, sitima kumira, ndipo pali munthu mmodzi amene ndikumupeza pafupifupi mu filimu iliyonse moti pano ndimamuzindikira asanatsegule nkomwe pakamwa. Sindikunena wa sayansi amene amachenjeza anthu koma osamumvera uja ayi, ameneyo dzina ali nalo kale, amamutcha Cassandra potengera mwana wamkazi wa mfumu ya ku Troy mu nthano za Agiriki amene ankalosera zoona koma palibe ankamukhulupirira. Ine ndikunena winayo, bwana amene wa sayansiyo amathamangira kukamuuza. Amakhala wa jekete ndi tayi, mphamvu yolamula kuti anthu athawe ili mmanja mwake, koma yankho lake limakhala limodzimodzi, musaopseze anthu, bizinesi ingafe.

Amene anandipsetsa mtima kwambiri ndi meya wa mu Jaws ya 1975, Larry Vaughn. Mtsikana wagwidwa ndi shaki, mkulu wa polisi Brody akufuna kutseka bichi, koma meya akuwerenga masiku kuti pa 4 July alendo adzadzaza chilumba cha Amity ndipo ndalama za chaka chonse zimabwera nyengo imeneyo, mpaka dokotala woyeza mtembo anasintha mawu nkunena kuti mwina inali ngozi ya boti. Kenaka kamnyamata kaja Alex Kintner kanadyedwa anthu akuona masanasana, ndipo chimene chimandiwawa nchoti mayi ake anakamenya mbama Brody, munthu amene ankafuna kutseka bichiyo, meya ali poteropo osakhudzidwa. Mu The Towering Inferno ya 1974 muli James Duncan amene anamanga chinyumba cha nsanjika 138 ku San Francisco, moto wayamba pa nsanjika 81 iye akukana kutsitsa alendo ake amene akudya phwando pa 135 chifukwa ndi usiku wotsegulira nyumbayo ndipo mwabwera akuluakulu.

Funso langa ndi ili, munthu ameneyu m'Chichewa tingamutche ndani? Ndikufuna dzina loti ukangolitchula aliyense adziwe kuti ndi uja. Komanso tchulani ena amene mwawaona, ndikuwalemba mu kope.

MayiWaAwiri

Achimwene dzina lilipo kale makolo anatisiyira, Samva. Paja amati samva anamva nkhwangwa ili mmutu. Kapena nkhutukumve basi. Mu kope lanulo onjezerani wachiwiri kwa pulezidenti mu The Day After Tomorrow ya 2004, Becker, uja anayankha wa sayansi Jack Hall pa msonkhano ku New Delhi kuti chuma nachonso nchosachedwa kugwa ngati chilengedwe chomwecho. Koma iyeyu ine ndimamuona mosiyanako pang'ono chifukwa kumapeto atakhala pulezidenti, anthu a ku America atathawira ku Mexico, anaima pa TV nkuvomera kuti analakwitsa. Ndinaonera ndi ana anga ndipo wamkuluyo anandifunsa kuti amayi nanga anthu afa aja kupepesako kuwadzutsa, ndinasowa chomuyankha.

Chimtengo

Ameneyo ndi Tomasi Didimo basi, sakhulupirira asanaone

MayiWaAwiri

Ayi a Chimtengo, Tomasi musamunamizire. Tomasi ataona mabala anakhulupirira pompo. Meya wa mu Jaws anaona mwana atafa, Hooper katswiri wa nsomba uja anamuuza kuti shaki imene asodzi agwira si imeneyo kukamwa kwake nkochepa, iye anakanabe ngakhale kuti aing'ambe pamimba aone. Ngati mukufuna wa m'Baibulo ndiye Farao, mliri ukabwera afewa, ukangochoka waumitsanso mtima.

WaKuMigodi

Ndawerenga zonse koma ndikupempha tisawaike mu thumba limodzi anthu amenewa, chifukwa mukasakaniza mulakwira wina amene sanalakwe. Ine ndagwira ntchito yoona za chitetezo cha antchito zaka zambiri kuno ku Joni ndiye nkhani iyi imandikhudza pamtima, ndakhalapo mbali zonse ziwiri, wochenjeza komanso wouzidwa.

Tengani Dante's Peak ya 1997. Pierce Brosnan akusewera ngati Harry Dalton, katswiri wa mapiri ophulika, ndipo amene akumukaniza kuchenjeza tauni si meya ayi, meya wake Rachel Wando ndi mayi womva bwinobwino. Akukana ndi bwana wake wa Harry, Paul Dreyfus, amenenso ndi wa sayansi yemweyo. Ndipo chifukwa chake amachinena poyera, kuti anaonapo ku Mammoth Mountain anthu ataopsezedwa kuti phiri liphulika, phiri silinaphulike koma alendo anasiya kubwera, mitengo ya nyumba inagwa, tauni inavutika. Ndiye Paul sanati tiyeni tizipita palibe kanthu, anasiya timu yake pomwepo ndi makina akuyeza tsiku ndi tsiku, ndipo madzi a mmipope atayamba kutuluka oipa ndi sulufule anavomera kuti Harry amanena zoona nkulamula kuti anthu auzidwe. Munthu ameneyu mungamutche Samva? Anamva, kungoti amafuna umboni wokwanira. Koma a filimu anamuphabe pa mlatho uja napolo atautenga, ngati kuti kudikira umboni ndi tchimo loyenera imfa.

Zimene ankaopa Paul si zopeka. Mu 1976 pa chilumba cha Guadeloupe boma la France linasamutsa anthu opitirira 70,000 poopa phiri la La Soufrière, anthu anakhala miyezi ali kutali ndi nyumba ndi minda yawo, kuphulika kwakukulu kumene amaopa sikunabwere, ndipo akatswiri awiri Haroun Tazieff ndi Claude Allègre anakangana koopsa pa nkhaniyi dziko lonse likumva. Ukasamutsa anthu kamodzi pachabe, ulendo wachiwiri sadzakumveranso, ndipo ulendo wachiwiriwo mwina ndiye weniweni. Koma mbali inayo nayo ndi yowawa kuposa. Pa 13 November 1985 phiri la Nevado del Ruiz ku Colombia linaphulika usiku, chipale cha pamwamba chinasungunuka, napolo wa matope anatsika ndi mitsinje nkukwirira tauni ya Armero, anthu pafupifupi 23,000 anafa kuphatikiza madera oyandikana. Mapu osonyeza kuti Armero ili panjira ya matope anali atatuluka kale mwezi wa October chaka chomwecho, ndipo matopewo anatenga maola opitirira awiri kuti afike, nthawi yokwanira munthu kuyenda wapansi kukafika pamtunda akanauzidwa kuti thawani. Ndikaganiza maola awiri amenewo mutu umandizungulira.

Ndiye kwa ine pali anthu awiri osiyana. Pali wodikira umboni, amene mantha ake ali pa anthu omwewo, ndipo pali wina amene umboni wauona kale, mumtima akudziwa, koma wawerengera ndalama nkuona kuti bola atseke pakamwa. Wachiwiriyu ndinakumana naye maso ndi maso pa kampani ina, sinditchula, ndinalemba lipoti kuti chitseko chothawira moto chimakhala chokhoma ndi loko chifukwa amaopa kuti antchito aziba katundu, bwanayo anawerenga lipoti lonse, anamvetsa chilichonse, nkundiuza kuti tidzaona odala ikatha. Sanali wogontha munthu uja. Nchifukwa chake dzina la Samva silikundikwanira, chifukwa likumupatsa pothawira, ngati kuti vuto ndi makutu. Ine ndingamutche Bwana Bolandalama, kapena Adziwa, chifukwa tchimo lake ndi loti adziwa.

Ndipo a Kadzidzi pa Towering Inferno mwaiwala wina, mkamwini wa Duncan uja Roger Simmons amene anaika mawaya otchipa kuti ndalama zitsale. Uyu ndi mtundu winanso, iye sakana chenjezo chabe, ngoziyo anaifesa yekha kalekale filimu isanayambe.

Nangozo_Leeds

A WaKuMigodi mwalankhula zakupsa, ine ndingoonjezera pamene zinthu zimafika poopsa, pamene a filimu atenga munthu amene anakhalapodi nkumuveka jekete la bwana ameneyu. Ndikunena J. Bruce Ismay mu Titanic ya 1997. Ismay anali wapampando wa White Star Line, eni sitimayo, ndipo filimu imamuonetsa akukakamiza kaputeni Smith kuti athamangitse sitima akafike msanga ku New York alembedwe mu nyuzi, kenaka sitima ikumira akuzembera mu kabwato kopulumukira maso ali pansi. Zoona zake nzoti anapulumukadi pa 15 April 1912 pamene anthu pafupifupi 1,500 anafa, ndipo nyuzi za ku America zinamunyoza koopsa. Koma kafukufuku wa boma la Britain amene anatsogolera Lord Mersey anapeza kuti anathandiza anthu ena kukwera mabwato, ndipo anakwera pamene panalibenso amayi ndi ana pafupi, moti akanatsala akanangoonjezera mtembo umodzi. Nkhani ya liwiro ija inatsamira kwambiri pa mawu a mayi mmodzi wapaulendo amene anati anawamva awiriwo akucheza. Sindikuti anali mngelo, sitima ija inali ndi mabwato 20 okha, osakwana anthu onse amene inanyamula, ndipo ngakhale malamulo a nthawiyo ankalola zimenezo kampani yake ikanatha kuika ambiri. Koma munthuyu anamwalira mu 1937 ndipo mpaka lero ana amene sanawerengepo mbiri yake amamudziwa ngati wamantha wa ndevu za pamlomo uja. Filimu imafuna nkhope imodzi yoti tiide, chifukwa madzi oundana sungawakwiyire, shaki sungaizenge mlandu, ndiye mkwiyo wathu wonse amautsanulira pa munthu wa tayi.

Chinanso a Kadzidzi, mu kope lanulo tsamba loyamba musayambe ndi Jaws. Munthuyu ndi wakale kuposa mafilimu. Mu 1882 Henrik Ibsen wa ku Norway analemba sewero la An Enemy of the People, mmene dokotala Thomas Stockmann akupeza kuti madzi a malo osambira amene tauni yonse imadyerapo ali ndi tizilombo todwalitsa alendo, ndipo amene akumutseka pakamwa ndi meya wa tauniyo Peter Stockmann, mchimwene wake weniweni wa bere limodzi. Chimene chimandigwira mtima mu sewero limenelo nchoti meya sali yekha, a nyuzi, eni nyumba, anthu wamba onse atamva kuti kukonza mapaipi kudya ndalama zawo ndipo malowo atsekedwa nthawi yaitali, anatembenukira dokotalayo mpaka kumugenda mawindo. Mu Jaws namonso ndi chimodzimodzi, pa msonkhano uja Brody atanena zotseka bichi ndi eni mahotela ndi mashopu amene anayamba kung'ung'udza, meya amangoyankhula zimene iwo amafuna kumva. Ndiye dzina limene mupeze lisaiwale anthu ali kumbuyo kwakewo.

Chimtengo

Chabwino Tomasi ndamuchotsa. Koma meya ujatu mu Jaws 2 ya 1978 adakali meya yemweyo eti, kusonyeza kuti anthu a pa Amity sanamuchotse pampando ngakhale ana awo anadyedwa. Zikugwirizana ndi zimene akunena a Nangozo

Kadzidzi77

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti tifika mpaka ku Colombia ndi ku Norway. A WaKuMigodi mwandisintha maganizo pa Paul Dreyfus, ndinali nditamulemba tsamba limodzi ndi meya Vaughn, ndamufufuta ndamupatsa tsamba lakelake, ndipo Simmons wa mawaya naye lake. Ismay sindimulemba nkomwe, si bwino kuika munthu weniweni pakati pa anthu opeka pamene mlandu wake sunatsimikizike.

Koma pa dzina mayi a awiri ndikhululukireni, Samva ndimalikonda chifukwa ndi lathu ndipo mwambi wake aliyense amaudziwa, kungoti mu mwambimo nkhwangwa imagwera iye mwini wosamvayo, pamene mu mafilimuwa imagwera ana a eni ake. Vaughn sanalumidwe ngakhale chala, Duncan anatsika mu nyumba ija wamoyo. Ndabwereranso dzulo pa chigawo cha kuchipatala chija, shaki italowa mu dziwe mmene munali mwana wa Brody nkupha bambo wa mu kaboti, meya akunjenjemera fodya ali mmanja, akulankhula yekha ngati wozunguzika, kenaka nkuuza Brody kuti ana akenso anali pa bichi pomwepo, ndiye mpomwe anasayina pepala lolemba ntchito Quint msodzi uja pa ndalama zokwana 10,000 dollars zimene poyamba ankaziona zambiri. Murray Hamilton, amene ndi meya mu filimuyi, anasewera bwino zedi pamenepo, moti ndinamumvera chisoni pang'ono ngakhale sindimafuna. Munthu amene ana ake omwe anali pa bichi imeneyo, kodi ankadziwadi a WaKuMigodi, kapena anadzinamiza yekha mpaka bodzalo kulikhulupirira? Chifukwa ngati anadzinamiza ndiye Adziwa silikumukwana, ndipo bwana wanu wa loko uja ndikufuna ndidziwe, ofesi yake inali mkati mwa nyumba yomweyo kapena inali kwina?

WaKuMigodi

Inali kwina achimwene, tsidya lina la msewu. Mu nyumba ya lokoyo amangolowamo Lachisanu pobwera kudzawerenga katundu.