Phula likufinyika pomwe mathiraki amaima koma Marshall inadutsa, tathandizani

Mnyamata wa Lab: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndabwera ndi vuto. Tinathira trial section (kachigawo ka msewu koyeserera) kuno kuchigwa cha Shire mu June, AC14 (mix ya phula ndi miyala ya 14mm kutsika m'munsi) yochindikala 50mm, mix inadutsa bwinobwino pa Marshall (mayeso a mu lab omwe timatsendera sample ndi hamala) ma blows 75 mbali iliyonse, ma voids (mipata ya mpweya mu mix) 4%, stability (mphamvu yomwe sample imapirira) pamwamba pa 9kN, aliyense anasaina. Pano October sanathe koma pomwe mathiraki a nzimbe amaima kudikira kukhota patuluka ngalande ziwiri momwe mumadutsa matayala, phula lakankhikira m'mbali ngati nsima yofewa ukaipana ndi chipande, pamwamba pakunyezimira kuti waliwali. Ndaika straight edge dzulo ndapeza ngalandezo ndi zakuya 18mm. Kwinako komwe amangothamanga kuli bwino. Ndalakwa pati?

Mayi Injiniya: Musanayambe kudziimba mlandu achimwene, ma core (ma sample odulidwa mumsewu momwemo) mwadula? Dulani mu ngalandemo ndi pakati pa lane pomwe tayala silipondapo, muone ngati base (maziko a pansi pa phula) yatsika nayo kapena ndi phula lokha lomwe layenda. Komanso bitumen yake (phula lomata miyala mu mix) ndi ya giredi iti?

Mnyamata wa Lab: Tadula asanu ndi limodzi mayi. Base ili nganganga sinasunthe. Mu ngalande ma voids atsika mpaka 1.6%, pakati ali 4.5%. Bitumen ndi 80/100, ndi yomwe inalipo nthawi imeneyo. Mchenga tinaika wa mumtsinje 22% chifukwa fumbi la kwale linkachedwa kufika.

Madala a Phula: Basi mwana wanga wadziyankha wekha. Ma voids akatsika pansi pa 3% phula lilibenso kothawira, limadzaza mipata yonse ndiye miyala imasiya kulumana, imangosambira. Ndiye ganiza, stability ija munaiyeza sample itakhala m'madzi a madigiri 60 kwa theka la ola, pomwe kwanuko ku Nchalo ndi ku Ngabu mpweya wokha umapitirira 40 mwezi uno, nanga msewu wakudawo masana ufika pati? Thiraki yodzaza ikaima kapena kukwawa pa giya wani imatsendera kuposa hamala ya Marshall, ma blows 75 aja sakufanana ndi zomwe zikuchitika pamalopo. Nchifukwa chake a TRL (bungwe la ku UK lofufuza za misewu) mu buku lawo la Overseas Road Note 19 anati malo ovuta ngati pokwera phiri, pa roundabout ndi poima magalimoto olemera muzipanga design ya refusal density, kutsendera ndi vibrating hammer mpaka sample ikane kutsikanso, ndipo pamenepo ma voids atsalebe 3%. Ine ndinaphunzira mochedwa zimenezi, nditaphwasula ndi manja anga msewu womwe ndinathira ndekha, mpaka lero zimandiwawa.

Wa pa Pulanti: Ndilowepo pang'ono bwana. Musangoyang'ana pepala la design, onaninso zomwe pulanti inatulutsa tsiku limenelo. Pangani extraction (kulekanitsa bitumen ndi miyala kuti muone kuchuluka kwake) pa ma core omwewo. Nthawi zambiri ife kuno fumbi la mu baghouse (chogwira fumbi pa pulanti) likabwezedwa lonse mu mix, zodutsa sefa ya 0.075mm, zomwe timati filler, zimakwera osadziwa, ndipo fumbi likachuluka limadya ma voids ngati momwe bitumen yochuluka imachitira, ndiye ukaphatikiza sikelo ya bitumen yomwe sinapangidwe calibrate miyezi ingapo ndiye kwatha.

Mnyamata wa Lab: Extraction yatuluka madzulo ano. Bitumen pa design inali 5.2% koma ma core akupereka 5.7, filler 8% m'malo mwa 5. Mutu waima ndithu.

Mayi Injiniya: Usaime mutu, apa ndiye zaoneka poyera. Zinthu zake zakumana pamodzi. Mchenga wa mumtsinje ndi wobulungira, tengani pang'ono mufikise pa chikhatho muyerekeze ndi fumbi la kwale mumva kusiyana, wina ukuterera linalo likukanda. Utsitseni usapitirire 10 kapena 15%, pa malo oimapo mathirakiwo ine ndingauchotseretu. Sinthani bitumen mupite ku 60/70 yomwe ndi yolimbirapo, kotentha ngati kumeneko 80/100 ndi yofewa kwambiri. Grading (kasakanizidwe ka masayizi a miyala) muikokere kumiyala ikuluikulu kuti VMA (mipata yonse ya pakati pa miyala) ikwere.

Fomani wa Rola: Koma mayi mukachepetsa bitumen ndi kukhwimitsa mix chonchi ife pamsewu timavutika, rola siitsendera bwino ndipo mvula ikabwera madzi amalowa, miyala nkuyamba kusupuka.

Madala a Phula: Nkhawa yako ndi yoona fomani, mix yotere imakhala yotsekuka ikangothiridwa kumene. Ndiye musachepetse bitumen mwachisawawa, pezani malo ake pokweza VMA, thirani laimu 1 kapena 1.5% mu filler kuti phula ligwire mwala ngakhale kunyowe, ndipo pamwamba mutseke ndi surface dressing (kupopera bitumen nkuwazapo timiyala) mvula isanayambe. Rola ikhale kumbuyo kwenikweni kwa paver (makina oyala mix) mix ikadali yotentha, osati kudikira thiraki yachitatu, ndipo mathiraki azifunditsidwa tenti kuchokera ku pulanti.

Mnyamata wa Lab: Ndamva akuluakulu, zikomo kwambiri. Mawa tikupanga mill (kupala phula ndi makina) mamita 120 omwe awonongekawo, pulanti aipanga calibrate Lachinayi ndili pomwepo. Vibrating hammer tilibe koma ndapeza kobwereka ku Blantyre, mould yake ndi ya CBR ija (yoyezera kulimba kwa dothi) ya 152mm eti madala?

Madala a Phula: Kukula kwake ndi komweko, koma funsa ya PRD (ya mayeso a refusal density) yotsekula m'mbali kuti sample ituluke osasweka. Upange ma binder content atatu, unditumizire ma voids ake ndione usanapite nazo kwa RE (injiniya woyang'anira ntchito).