Siponji yobiriwira yozikapo maluwa: ndi yoti n'kugula?

Mkonzatebulo:
Akuluakulu, funso langa ndi la siponji yobiriwira yozikapo maluwa ija, imene ambiri amangoitchula kuti Oasis. Phwando ndi la alendo 40, matebulo 5, ndipo tebulo lililonse lifunika mbale imodzi yamaluwa pakati. Ndigule katoni yathunthu, kapena pali njira ina yogwira ntchito yomweyo?

DuwaLaRozi:
Gulani achemwali, koma osati katoni. Chidina chimodzi chimakhala cha masentimita pafupifupi 23 m'litali, 11 m'lifupi ndi 8 kuchindikala. Mukachidula pakati chimakwana mbale ziwiri, ndiye zidina zitatu zakukwanirani.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi poviika. Thirani madzi m'beseni, akhale akuya kuposa siponjiyo, kenaka muiike pamwamba n'kuisiya imire yokha. Zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Musaikanikize ndi dzanja, musaithirenso madzi pamwamba. Mukatero kunja kumanyowa msanga n'kutsekera mpweya m'kati, pakati n'kutsala pouma gwaa. Phesi likafika pamenepo silimwa kanthu, duwa n'kufota tsiku lomwelo.

Poika m'mbale, siponji itulukire pamwamba pa mlomo ndi masentimita 2 kapena 3 kuti mapesi ena muwazike cham'mbali, masamba agwere pansi n'kubisa mbaleyo. Imangeni ndi tepi yosalowa madzi, mizere iwiri yopingasana. Phesi mulidule mopendeka, mulilowetse masentimita 3 mpaka 5. Mukaona kuti lakhala polakwika, musangolikokera m'mwamba pang'ono, chifukwa pansi pake patsala mphako yopanda madzi. Lizuleni lonse, mulidulenso, mulizike pena.

WayaNdiMadzi:
Zonse mwanenazo n'zoona amayi, koma ine ndikuti asagule. Siponjiyi imagwira ntchito kamodzi kokha. Ikabooledwa siigwiranso phesi bwino, ndipo yomwe inanyowa n'kuuma siimwanso madzi ngati poyamba. Phwando lililonse mudzagulanso.

Komanso ndi pulasitiki, yopangidwa ndi mankhwala otchedwa phenol ndi formaldehyde. Siiwola, imangonyenyeka kukhala tizidutswa tosaoneka bwino ndi maso, timene timapita ndi madzi. N'chifukwa chake bungwe la Royal Horticultural Society ku Britain linailetsa pa zionetsero zake zamaluwa kuyambira 2021.

Waya wa khola la nkhuku amagwira ntchito yomweyo. Dulani chidutswa cha masentimita 30 mbali zonse, mupindire nsonga zakuthwa m'kati, muchikunge ngati mpira koma mosafinya kwambiri. Chofunika n'chakuti phesi lidutse m'mabowo awiri kapena atatu, lina pamwamba lina pansi, ndiye limaima nji. Mangani ndi tepi, dzazani madzi. Duwa limamwa mwachindunji, ndipo mutha kulisuntha kangapo konse popanda kuwononga kanthu. Mukamaliza tsukani wayayo n'kumuumitsa kuti asachite dzimbiri.

Mkonzatebulo:
Zikomo. Nanga mbale zikakhala zagalasi, wayayo saoneka?

WayaNdiMadzi:
Amaoneka, ndipo amatha kukala galasi. Pamenepo matani selotepi yopyapyala pamlomo pa mbale, mizere yopingasana yosiya timabowo ta masentimita 2, ndipo mzere wina uzungulire m'mphepete kugwira nsonga zonse. Mlomo ukhale wouma pomata, apo ayi tepi imamatuka maluwa akalemera.

MwiniMaluwa:
Inu awiri mukutsutsana, koma palibe amene wafunsa kuti maluwawo akonzedwera kuti. Yankho lagona pamenepo.

Ngati akonzedwera pamalo a phwando pomwepo, mbale n'kukhala yakuya masentimita 8 kapena kuposa, siponji ndi kungotaya ndalama. Ngati akonzedwera kwina n'kunyamulidwa pagalimoto, mbale yodzaza madzi imatayikira ndipo mapesi amasuntha, pomwe m'siponji zonse zimafika monga munaziikira. Chimodzimodzi maluwa opachika pakhoma kapena pakhomo lolowera, pamene simungaike chotengera madzi.

Mtundu wa duwa nawonso ndi nkhani. Rozi, kaneshoni ndi chrysanthemum ali ndi mapesi olimba, amalowa bwino. Tulip ndi ena a mapesi ofewa amathyoka pozika, pokhapokha mutayamba mwaboola siponjiyo ndi kamtengo. Hydrangea imamwa kwambiri, m'siponji siichedwa kugwetsa mutu. Mpendadzuwa ndi wolemera, phesi lake ndi lalikulu, awiri kapena atatu akhoza kung'amba theka la chidina.

Pa mbale yosazama pali kenzan, kachitsulo kolemera kokhala ndi timisomali toloza m'mwamba, komwe amagwiritsa ntchito okonza maluwa a ikebana ku Japan. Kogula kamodzi, kamakhala zaka. Kamafuna mapesi ochepa, asanu kapena asanu ndi awiri, ndiye ndi kabwino ngati maluwa ali operewera.

DuwaLaRozi:
Pa za hydrangea ndavomera, bambo. Ndiwonjezere kuti siponji si chitsime. Tsiku lililonse thirani madzi m'mbale, makamaka kukatentha. Ndipo pogula yang'anani mtundu: yotuwa kapena yabulauni ndi ya maluwa ouma ndi apulasitiki, siimwa madzi n'komwe.

MwiniMaluwa:
Poti pa matebulopo padzakhala chakudya, pali zina zoti musamale. Siponji muidule ili yonyowa komanso kutali ndi kokonzera chakudya, chifukwa youma imatulutsa fumbi. Ngati muikamo zipatso pakati pa maluwa, chipatso chomwe mwachibaya ndi kamtengo n'kuchizika m'siponji ndi chokongoletsera basi, asadye munthu. Nthochi ndi maapozi okupsa amatulutsa mpweya wa ethylene umene umakalambitsa maluwa msanga, makamaka kaneshoni, choncho zipatso muziike m'mawa wa phwandolo, zisagone pamodzi ndi maluwa. Msinkhu wa zonse usapitirire masentimita 30 kuchokera pa tebulo, kuti okhala moyang'anizana azionana nkhope.

WayaNdiMadzi:
Ndipo amene wagwiritsa ntchito siponji, madzi otsala asathire m'sinki. Asefeni ndi kansalu kakale, nyenyeswazo n'kuzitaya m'bini pamodzi ndi siponjiyo, osati pa manyowa.

Mkonzatebulo:
Mbale ndi zadothi, zakuya masentimita 10, ndipo maluwa akonzedwera pamalo pomwepo usiku woti mawa phwando. Ndiye ndigula waya, siponji chidina chimodzi chokha cha pakhomo lolowera.

MwiniMaluwa:
Ngati zadothizo zili zosapakidwa m'kati, zimachucha pang'onopang'ono n'kunyowetsa nsalu ya patebulo. Ikani kabakuli kapulasitiki m'kati mwake, waya ndi madzi zikhale m'menemo. Muchotse masamba onse amene angamire m'madzi, ndipo mbalezo zigone pamalo ozizira.