Chakumwa cha mpunga ndi sinamoni chikumakhakhala pakhosi, nditani?

Mayi wa awiri: Anzanga, kutenthaku ndikumapanga chakumwa chozizira cha mpunga chimene ku Mexico amati horchata. Kukoma chikukoma, koma chikumakhala ndi timisere, moti ana akungolawa n'kusiya. Mpungawo ndimauviika ola limodzi, kenako ndimaugaya mu blenda. Ndikulakwitsa pati?

Wokonda kuphika: Amayi, ola limodzi ndi lochepa. Tsukani kapu imodzi ya mpunga wosaphika, muuviike usiku wonse m'makapu anayi a madzi pamodzi ndi kamtengo ka sinamoni. M'mawa gayani zonse mpaka madzi ayere ngati mkaka. Posefa, sefa yokha siikwanira. Yalanipo kansalu koyera kopyapyala, mufinye bwinobwino. Shuga ndi mkaka muthire pomaliza.

Achimwene wamkulu: Ine mkaka sindithira, umaphimba fungo la sinamoni. Ndipo sinamoni wa ufa musamudalire, sasungunuka, amangoyandama.

Mayi wa awiri: Zikomo kwambiri. Nanga mu firiji chingakhale masiku angati?

Wokonda kuphika: Awiri kapena atatu, chili chovundikira. Muzitakasa musanathire m'kapu, chifukwa zoyerazo zimadikha pansi.